Mawaya Onenepa a Mzime

Mzime anali chigwadire pansi pa tebulo, chiguduli chokolopera chili m'manja, pamene Achemwali ake analowa osagogoda. Anadutsa ndi nsapato pakati penipeni pa malo amene iye anali atangokolopa, nasiya mapazi afumbi kuchokera pakhomo mpaka pampando.

“Tuluka kunsiko umve nkhani,” anatero Achemwali. “Tachita mwayi.”

“Achemwali, pansipa m'ponyowa.”

“Pauma, dzuwa lilipo. Tamvera. Amalume ake a mkwati ndi mphunzitsi wa nyimbo, ndipo ali ndi kiyibodi yawoyawo. Anena kuti Loweruka paukwati adzaimba nafe. Nyimbo ya Amayi ija: iwe gitala, iwo kiyibodi, ine mawu. Ndawauza kale kuti ndi ya mu G.”

Mzime anadzuka mwaphuma, mutu gu! pathabwa la tebulo. Anakhala pansi ponyowapo atagwira pachipumi.

“Ndiye kusangalala kwakeko?” anafunsa Achemwali.

“Bwanji osangoimba awiri ngati kale? Anthu anatizolowera choncho.”

“Anatizolowera mpaka amagona. Mwina kiyibodiyo ikudzutsa. Kale gitala yako inkalira ngati munthu, anthu n'kumapukuta misozi. Masiku ano imangobuula ngati ng'ombe yokhuta.” Analoza gitala yamagetsi imene inali itatsamira pakhoma pafupi ndi sipika. “Taona mawaya akewo. Ndikhoza kuyanikapo mabulangete.”

Mzime sanali mwana ayi. Imvi zinali zitamugwira m'mbali monse, ndipo anthu amene ankawakonzera mafiriji ankamutchula kuti abambo. Koma anali womaliza kubadwa, ndipo Achemwali, amene anamubereka kumsana ndi kumuphunzitsa kugwira gitala, sanaonepo chifukwa chomusinthira dzina. Loweruka likubweralo ankakwatitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo diresi ankasoka okha.

Pochoka anapisa m'chikwama, natulutsa kabotolo ka mafuta, n'kukaika patebulo osayang'ana mchimwene wawo.

“Uzipaka zalazo. Zasanduka makungwa.”

Chitseko chitatsekeka, Mzime anakolopanso mapazi aja limodzilimodzi. Atafika pa lomaliza anangokhala chigwadire, chiguduli chikudontha.

Nkhani yake inali iyi. Zaka zinayi zapitazo Achemwali anagona kuchipatala miyezi iwiri ndi chifuwa, ndipo atachira mawu awo anabwerera atafupika. Pansi anali okoma kuposa kale, koma kumwamba denga linali litatsika. Nyimbo ya Amayi, imene mayi awo anaipeka okha akusita zovala ndipo inkaimbidwa paukwati uliwonse wa pabanjapo, ili ndi malo amodzi okwera kwambiri: “Nyumba iyi ikhale ndi zenera loyang'ana kwa Inu.” Pa liwu lakuti “Inu” mpamene munthu amafunika makwerero. Tsiku lina akuyeserera m'chipinda chomwechi, Achemwali anafika pamenepo, mawu n'kusweka ngati kapu. Anayesanso kawiri. Kenako anavala juzi lawo nati, “Basi, ndakalamba. Ndisiya.” Sanalire. Anangotsuka makapu a tiyi amene anali otsuka kale, n'kumapita.

Munthu wina akanangosintha kiyi, n'kuimba nyimbo yonse motsikirapo. Koma Achemwali ankaidziwa gitala, ndipo poyeserera maso awo ankakhala pa zala za Mzime. Akanaona zala zitasamuka, akanadziwa chifukwa chake. Choncho sabata yotsatira, iwo asanafike, Mzime anapotokola makutu onse asanu ndi limodzi a gitala, nakhwefula waya aliyense sitepe imodzi. Zala zinagwira G monga mwa masiku onse, koma chimene chinatuluka m'sipika chinali chotsikirapo. Anawanyengerera kuti ayese komaliza. Achemwali anakwera pa “Inu” ngati mtsikana wodumpha ngalande, ndipo nkhope yawo tsiku limenelo Mzime sanaiiwale.

Chaka chotsatira anakhwefula sitepe yachiwiri, kenako yachitatu. Kutchalitchi kwawo kunalibe choimbira china kupatula ng'oma, ndipo ng'oma ilibe kiyi yoti iulule. Mpingo nawo unkangodabwa kuti nyimbo zayamba kupepuka.

Vuto linali mawaya. Waya woonda sakonda kukhwefulidwa. Amalendewera, amagunda tizitsulo ta pakhosi pa gitala, amalira ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo, ndipo ukangodina mwamphamvu pang'ono mawu amasokera. Mankhwala ake ndi waya wonenepa, amene amakhala gwa ngakhale utamutsitsa. Choncho sitepe iliyonse imene Achemwali ankatsika, mawaya a Mzime ankanenepa. Anachoka pa nambala naini, imene anakulira, mpaka pa thwelofu. Gitala inayamba kulankhula mawu odzaza, okuya, osasuntha tsiku lonse ngakhale kutenthe. Koma chinthu chimodzi chimene anthu ankamudziwira Mzime chinapita: kukankha waya wachitatu m'mwamba ndi chala kuti mawu akwere molira, osaduka, ngati munthu wodandaula. Waya wachitatu wa tsopano anali wokulungidwa ngati chingwe cha mabuleki. Ukamukankha, iye amakukankhanso.

Tsopano kunkabwera kiyibodi, ndipo G wa kiyibodi ndi G weniweni, masitepe atatu pamwamba pa mawu a Achemwali, pamaso pa anthu mazana awiri ndi mwana wawo atavala zoyera.

Lolemba masana Mzime anasiya firiji ya munthu ili chitsegulire, nanyamula gitala kupita kwa Dokotala. Ameneyu anali mmisiri wokonza magitala ndi masipika m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mafoni, ndipo dzinalo analipeza chifukwa chilichonse chobwera kwa iye ankachitcha wodwala. Pakhoma panalendewera makosi a magitala opanda matupi, ndipo patebulo panali mafayilo ang'onoang'ono atandandalikidwa pansalu ngati zida za m'chipatala.

“Wodwala wathu uja wabweranso,” anatero Dokotala. “Lero tikumunenepetsanso? Chotsala ndi waya wa mpanda.”

“Ndikufuna mundiikire waya wachitatu woonda. Yekhayo. Enawo akhale.”

“Mukufuna azilira?”

“Ndikufuna azilira.”

“Ndipo azikhala masitepe atatu pansi?”

“Ee.”

Dokotala anaseka mpaka kutsokomola, komabe anachotsa waya wonenepayo n'kuika woonda. Anamutchuna, napereka gitala. Mzime anagwira G. Mawaya asanu anaimba ngati amuna a kwaya, wachitatuyo n'kumazungulira pakati pawo ngati woledzera. Anayesa kudina mopepuka. Waya anagunda chitsulo, zrrr. Anadina molimba. Mawu anakwera okha kupitirira pomwe ankafunika.

“Mwamva?” anatero Dokotala. “Kamphako kamene waya amadutsamo tinakakulitsa ndi fayilo chaka chatha kuti wonenepa akwanemo. Woondayu akusambiramo. Ndipo ngakhale ndikanakakonza, woonda amafuna kukungidwa. Wonenepa amalola kutsitsidwa, saduka wamba, sasuntha, mawu ake ndi a munthu wodya bwino. Koma salola kupindidwa, ndipo amadya zala. Zonse ziwiri pa waya mmodzi kulibe, achimwene. Ndikanakhala nazo bwenzi ndili ndi galimoto.”

“Nanga nditakunga onenepawa mpaka kufika pa G weniweni?”

“Khosi la wodwala lipindika ngati uta, mawaya akwera m'mwamba moti mulowetsapo chala, ndipo inu mudzaimba nyimbo imodzi n'kukagona kuchipatala chenicheni. Koma dikirani. Vuto lanu si gitala kukwera. Kodi mwini mawuyo akwera nawo?”

Mzime anayang'ana makosi a pakhoma. Dokotala yekha ndiye ankadziwa nkhani yonse, chifukwa mmisiri sungamubisire chifukwa chimene ukuonongera gitala yabwino. Mzime anamuuza za kiyibodi.

“Auzeni Achemwali anuwo,” anatero Dokotala. “Ndi munthu wamkulu.”

“Kwatsala masiku asanu. Akusoka diresi. Ndiwauze tsopano?”

“Munali ndi zaka zinayi.”

“Simukuwadziwa inu.”

“Sindikuwadziwa, koma ndikudziwa khosi la gitala iyi, ndipo latopa.” Dokotala anabwezeretsa waya wonenepa uja, napukuta mawaya onse ndi kansalu ka mafuta ngakhale sanapemphedwe. Akutseka bokosi anati, “Kiyibodi iliyonse ya masiku ano ili ndi kabatani kotsitsira mawu. Zala zimagwira G, chotuluka n'china. Bodza lanu lomweli, koma la fakitale. Mukadina katatu mwafanana. Sindinakuuzeni ine.”

Lachitatu pa nthawi ya nkhomaliro Mzime anakapeza Aphunzitsi, amalume a mkwati aja, kusukulu kwawo, m'chipinda cha nyimbo chonunkha choko. Anali bambo wamtali, wa magalasi okhuthala, amene ankadya buledi wawo ndi mpeni ndi foloko. Mzime anafotokoza ataimirira, chipewa chili m'manja. Anafotokoza moipa, akuyambira pakati, ndipo thukuta linkamutsika m'khosi.

“Mwachidule,” anatero Aphunzitsi, “mukundipempha kuti ndiname.”

“Ayi, Aphunzitsi. Mungodina batani katatu.”

“Ine ndimaphunzitsa ana kuti G ndi G. Mayiwa anandiuza G ndi pakamwa pawo. Kutsitsa nyimbo si tchimo, bambo, oimba onse amatsitsa akamakula. Bwanji osangowauza kuti tiimbe mu E?”

“Chifukwa adzasiya.”

“Mukudziwa bwanji?”

“Anasiyapo kale. Sabata imodzi.”

Aphunzitsi anatsitsira maso awo pa zala za dzanja lamanzere la Mzime, pamene mawaya anali atakumba tinjira tosatha. Anadula buledi wawo pakati, nakankhira theka kwa mlendoyo.

“Khalani pansi mudye. Ndidzadina. Koma ukwati ukatha, nkhani imeneyi ndi yanu, osati yanga.”

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, anayeserera atatu m'holo ya ukwati, anthu akupachika nsalu ndi kukoka mipando. Aphunzitsi anadina kabatani kawo Achemwali akuyang'ana kumbali. Anagwirizana kuti kiyibodi iyambe yokha, mawu alowe, gitala ibwere pamzere wachiwiri. Ndipo zinakoma. Mzime sanafune kuvomera, koma mawaya onenepa aja pansi pa kiyibodi anamveka ngati maziko a nyumba. Achemwali anafika pa “Inu” osakweza n'komwe mapewa. Mayi wina amene ankamanga maluwa anasiya ntchito, nayamba kuomba m'manja yekha.

“Mwaona, Aphunzitsi?” anatero Achemwali akuseka. “Zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri, koma kiyi yomweyo ya utsikana wanga. Wokalamba pano ndi mchimwene wangayu.”

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta mosamala kwambiri.

Popita kunyumba Mzime anayesa kupemphera m'basi, koma sanadziwe chopempha. Munthu sungapemphe Mulungu kuti akusungire bodza. Anangoti, “Ambuye, mawa lokha,” ndipo anachita manyazi ndi pemphero lakelo mpaka potsikira.

Loweruka holo inadzaza. Kunkatentha, ndipo mafani a kudenga ankangosuntha mpweya womwewo. Mzime anafika molawirira, naona ndi maso ake Aphunzitsi akudina batani katatu. Anapaka zala mafuta a Achemwali aja. Anakhala pampando wake kumanzere kwa nsanja, gitala ili pamwendo, n'kumadikira zolankhula za achibale kuti zithe.

Pa nthawi ya zolankhulazo wojambula zithunzi anabwera chowerama kuseri kwa nsanja, akufunafuna potchajira kamera. Anazula pulagi imodzi, naona nyali za kiyibodi zazima, nati pepani chamumtima n'kuibwezeretsa msangamsanga. Mzime anaziona, koma sanaganizepo kanthu. Nyali zinayakanso. Sanadziwe kuti kiyibodi ikazima imaiwala zonse zimene inauzidwa.

Woyendetsa mwambo anaitana mayi a mkwatibwi. Achemwali anakwera pansanja atavala diresi labuluu limene anasoka ndi nsalu yotsala ya zaka zambiri, nagwira maikolofoni ndi manja awiri, akuyang'ana mwana wawo. Aphunzitsi anaika zala pa kiyibodi.

Mawu oyamba atangotuluka, Mzime anakweza mutu. Anali G weniweni, wowala, wokwera, amene sanamumve m'nyimbo imeneyi kwa zaka zinayi. Anayang'ana Aphunzitsi. Iwo anali atatseka maso, akugwedeza mutu, zala zikuyenda bwinobwino. Mzime anatsokomola. Anagogoda phazi. Aphunzitsi anatsegula maso, nkhope n'kusintha, koma Achemwali anali atalowa kale.

Mzere woyamba anauimba bwino, kungoti pachipumi pawo panaoneka kamzere kodabwa. Mzime anasamutsa dzanja masitepe atatu kukwera pakhosi pa gitala kuti afanane ndi kiyibodi. Kumeneko panafunika kupanikiza mawaya onse asanu ndi limodzi ndi chala chimodzi, ndipo mawaya onenepawo anamuluma mpaka m'fupa. Analimba. Mzere wachiwiri unadutsa. Pa wachitatu anaona mitsempha ya pakhosi pa Achemwali ikutuluka, mapewa akukwera. Zenera lija linkayandikira.

Anaganiza mwachangu: ndiwaphimba. Gitala ikaimba liwu limenelo mokweza, anthu sadzamva ngati mawu aperewera. Anakweza sipika ndi kachala kakang'ono.

“…loyang'ana kwa…”

Akanangodina pakachitsulo kotsatira, liwu likanatuluka loyera. Zimenezi anaziganiza pambuyo pake, kambirimbiri. Koma dzanja linachita zimene linachita zaka makumi atatu pamalo amenewa m'nyimbo imeneyi: linagwira waya wachitatu n'kumukankha m'mwamba kuti alire. Dzanja linkakumbukira nambala naini. Waya wonenepayo anasuntha pang'ono, n'kuima. Mzime anakankha ndi zala zitatu, khungu n'kung'ambika, koma mawu anakakamira panjira, osafika, n'kutuluka m'sipika mokweza ngati chitseko cha dzimbiri. Pansi pa phokosolo mawu a Achemwali anasweka.

Holo inati zii. Kenako munthu wina kumbuyo anafuula, “Amalume, gitala yamva njala!” Anthu anaseka, kuseka kwabwino kwa paukwati. Mkwatibwi anabisa nkhope m'maluwa, mapewa akugwedezeka. Achemwali anamaliza nyimbo ndi mawu apansi, ngati akuilankhula, ndipo anthu anaomba m'manja kwambiri kuti amutonthoze Mzime.

Palibe amene anamva mawu a mayi a mkwatibwi akusweka. Onse anamva gitala. Amuna awiri anabwera kudzamusisita paphewa, wina nati ukalamba ulibe mankhwala. Mzime anavomera zonse ndi mutu, atakulunga chala m'kansalu ka m'thumba, ndipo mumtima mwake munabwera kampumulo koipa. Mwina zathera pomwepa. Mwina mlandu wonse ukhala wa zala zake.

Anthu atatuluka panja kukajambulitsa, holo inatsala ndi mipando yosokonekera ndi mapepala a maswiti. Aphunzitsi anayandikira, nati chapansipansi, “Inazimitsidwa. Ndinayenera kuyang'ananso. Pepani.” Kenako anaona amene ankabwera, natuluka mwaulemu, kiyibodi n'kuisiya yoyaka.

Achemwali anabwera opanda nsapato, atazinyamula m'manja. Anaziika pampando. Sanayang'ane Mzime. Anapita pa kiyibodi, nafunafuna ndi chala chimodzi, n'kudina G. Anausiya ulire. Kenako anatambasula dzanja ku gitala imene inali pamwendo pa mchimwene wawo, nakhudza waya wachitatu popanda kudina paliponse. Ndi iwo amene anamuphunzitsa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kuti waya wachitatu akalira yekha ndi G.

Mawu awiriwo sanagwirizane. Achemwali anatsika pa kiyibodi, sitepe imodzi, nakhudzanso waya. Yachiwiri. Pa yachitatu mawu anakumana n'kukhala amodzi.

“Atatu,” anatero.

Mzime anayang'ana kansalu ka pachala.

“Kuyambira liti?”

“Chichokereni kuchipatala kuja.”

“Onse atatu tsiku limodzi?”

“Ayi. Imodziimodzi.”

“Ngati munthu wothira mankhwala m'phala la mwana.” Anakhala pampando wa Aphunzitsi. “Ndiye mawaya oyanikapo mabulangetewa ndi a ine. Ine kukunyoza zaka zonsezi kuti gitala yako yafa, iwe phee. Aphunzitsi akudziwa?”

“Ndinawapempha Lachitatu.”

“Winanso?”

“Dokotala wa magitala.”

“Anthu a m'misika akudziwa za pakhosi panga, mwini wake osadziwa.” Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. “Dzulo ndinadzitama pamaso pa bambo aja. Anangopukuta magalasi. Ndinkayesa ndi ulemu.”

“Munati musiya, Achemwali.”

“Ndikanasiya! Sabata ziwiri, mwezi. Kenako ndikanabwera, ndikanati Mzime, titsitse. Ukuyesa sindinaonepo munthu akukalamba? Ndinasambitsa Amayi ine. Koma si zimenezo. Ukukumbuka chaka chatha, tsiku la maumboni kutchalitchi?”

Ankakumbuka. Ankayembekeza kuti iwo sakumbukira.

“Ndinaimirira pamaso pa mpingo wonse. Ndinati Ambuye andichitira chozizwitsa, matenda anatenga mphamvu zanga koma mawu anandisungira pomwe anali. Amayi ena analira. Mtsikana wina wodwala anabwera kudzandigwira dzanja. Iwe unali pampando wachiwiri, gitala ili pamwendo ngati panopa. Unati chiyani?”

Mzime anakanikiza kansalu ka pachala.

“Ndikufunsa. Unati chiyani?”

“Ndinati ameni.”

“Unati ameni.” Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mosamala kuti asaononge zodzola za ukwati. “Ndakhala ndikuthokoza Mulungu m'mawa uliwonse chifukwa cha chinthu chimene sanachite. Chimene anachitadi, kundipatsa mchimwene wopusa wodula zala zake chifukwa cha ine, chimenecho sindinathokozepo ngakhale kamodzi, chifukwa unandibisira. Wandibera mapemphero a zaka zinayi, Mzime.”

Panja anthu ankaitana mayi a mkwatibwi kuti abwere pachithunzi. Wina anasuzumira pakhomo, naona nkhope zawo, n'kubwerera.

Mzime anaika gitala m'bokosi. Anapinda chingwe cha sipika bwinobwino, nachimanga. Anatenga nsapato za Achemwali pampando, naona kuti kalamba ka imodzi kamasuka, nayamba kukakonza ndi chikhadabo.

“Siya nsapato yanga.”

“Kalambaka kakufuna…”

“Ndati siya. Ndimakudziwa iwe. Mawa ubwera kudzakonza firiji yanga yosaonongeka. Mkuja udzapaka penti pachitseko. Kuyambira uli mwana, ukaswa mbale unkasesa bwalo lonse osanena kanthu. Lero ayi. Lero ndikufuna pakamwa.”

Anaika nsapato pansi. Manja ake, opanda chogwira, analendewera. Chala chinkagunda ngati chili ndi mtima wakewake.

“Pepani,” anatero, akuyang'ana simenti.

“Sindinamve. Kapena makutu nawonso atsika masitepe atatu, sunandiuze?”

Mzime anakweza mutu. Achemwali anali chikhalire pampando wa kiyibodi, mapazi opanda nsapato ali pa simenti, zala zawo zobayidwa ndi singano zili pamiyendo, akudikira ngati mmene ankadikirira kale kuti apeze yekha pogwira pa gitala. Anaimirira bwinobwino, napuma, ndipo mawu anatuluka okweza kuposa mmene ankafunira, mpaka kumveka kumipando yakumbuyo kwa holo yopanda anthuyo.

“Achemwali, ndinakunamizani zaka zinayi. Ndinakuchititsani manyazi kwa anthu, ndipo ndinati ameni ndikudziwa. Ndinalakwira inu, ndinalakwira Mulungu. Ndikhululukireni.”